Kompyuta ya Malemu

Mlamu wake anali atagwira kale chingwe cha magetsi pamene bamboyo analowa m'chipinda chimene malemu mkazi wake ankagwiriramo ntchito.

"Musazule, alamu."

Mlamuyo, mlongo wa malemu, anati kompyutayo ikungodya magetsi pamene mwana wake ku koleji akulembera pa foni. Maliro atha, katundu agawidwe. Kapena makinawo nawonso akulira maliro?

Bamboyo sanali munthu wa masamu, koma nkhaniyi anaimva patebulo zaka zonse za ukwati, ndipo anaifotokoza mmene anaimvera. Dziko likamazungulira dzuwa, maiko ena a mumlengalenga amalikoka, lililonse pa nthawi yake, moti njira ya chaka chino imangofanana ndi ya chaka chatha koma siibwereza ndendende. Ntchito ya malemu inali kulekanitsa kukoka kumeneku, kuti aone kulikonse kumabweranso patapita nthawi yotani. Koma chimene chinkamudya mutu sichinali yankho ayi. Ankafuna kudziwa malire: yankholo likaphonya, lingaphonye mpaka pati. Kompyuta ikawerengera nthawi yaitali, malirewo amachepa. Ukaizimitsa panjira, uyambirenso.

"Ndiye imaliza liti?" anafunsa mlamuyo.

"Mwina mwezi wamawa."

"Mwina? Mukanalankhula choncho eni ake alipo, bwenzi mutagona ndi njala."

Mwana wamkazi wa malemu, amene ankapinda zovala pakona, anaseka koyamba chiikire maliro. Anati amayi ake akanena nthawi yofika pakhomo ankanenanso malire a kuchedwa kwawo, ndipo sankawadumpha, ngakhale mvula igwe. Kenako kuseka kunatha. Anayang'ana manambala amene ankatsika pang'onopang'ono pagalasi la kompyutayo.

"Ababa, poiyatsa ankadziwa kuti sadzaona mapeto ake?"

Bamboyo anakonza buku limene linali litakhala kale bwino pashelefu. Anati inde. Kuchipatala malemu anatenga masiku amene dokotala anati amutsalira ndi liwiro la kompyuta, n'kuwerengera m'mutu, monga munthu woona ngati mafuta akwane ulendo.

"Ndiye anati chiyani?" anafunsa mwanayo.

Bamboyo anakweza dzanja. Anayandikizitsa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kusiya kampata pakati, mmene mkazi wake ankachitira.

"Anati aphonya mapetowo ndi chonchi. Osaposa apa."

Mlamuyo anayang'ana kampatako nthawi yaitali. Anawerama, nakankhira pulagi mkati kuti igwire bwino.