Banga Lokana Kusuntha

Chipinda cha wokonza makamera chinali chopanikiza, chonunkha waya wopsa. Patebulo panali makamera awiri ofiira, obulungira ngati zitini, iliyonse ndi kafani kumbuyo. Anali ojambulira nyenyezi zakutali, aja amadziziziritsa okha mkati kuti kutentha kusamwaze timadontho pachithunzi.

Kadzidzi anabwera kudzasankha imodzi. Dzinali anamupatsa ndi mchimwene wake, chifukwa masana ankasoka zovala, kukada n'kukwera padenga ndi telesikopu imene anaiphunzira yekha. Kamera yake yakale inali itamukwana. Chithunzi chilichonse chinkatuluka ndi banga lotuwa chakumanzere, ndipo iye ankati vuto ndi kutentha.

"Yaing'onoyi imazizira msanga," anatero wokonzayo. "Yaikuluyi imakolola kuwala kwambiri, koma batire imachita kumwa. Tiyese zonse."

Analumikiza yaing'ono ku telesikopu ya Kadzidzi, n'kukunga nsalu yoyera kukamwa kwake, n'kuilozetsa pawindo. Ndimo amayesera: chithunzi chimayenera kutuluka choyera mbee, kuti kachitsotso kalikonse kaonekere. Kafani kanayamba kulira. Chithunzi chinabwera pakompyuta.

Banga lija linali pompo.

"Bambo, mwaona kuti ndine mzimayi ndiye mundigwiritse zinyalala?" Kadzidzi anamenya tebulo. "Akanabwera wa tayi mukanatulutsa zabwino."

Wokonzayo anasendeza magalasi. "Lili pati, mayi?"

"Apa. Mukufuna ndikujambulireni ndi choko?"

"Mwina ndi chinyezi. Tikaiziziritsa mothamanga, galasi limachita thukuta. Tiike inayo."

Anaika yaikulu, n'kuiziziritsa pang'onopang'ono. Kadzidzi anadikira atapinda manja, mwendo ukugwedera. Chithunzi chitabwera, banga linali malo omwewo, kukula komweko.

Mchimwene wake, amene anamunyamulira telesikopu, anasuzumira. "Ine ndikungoona khoma lopaka laimu. Kapena nyenyezi zako zayamba kukulondola masana?"

"Achimwene, inu zanu ndi matayala. Khalani chete."

"Makamera atatu sangadwale malo amodzi," anatero wokonzayo. "Ndiye mwina fumbi lili mu telesikopu. Ndikatembenuza kamera, banga la mu telesikopu limasamukira mbali ina ya chithunzi. Penyani."

Anamasula kamera, n'kuitembenuza, n'kujambulanso.

Kadzidzi anayang'ana. Anafunitsitsa kunama kuti lasuntha.

"Lasuntha?" anafunsa wokonzayo.

"Ayi."

Wokonzayo anasiya kamera. Mawu ake anatsika. "Mayi, tatsekani diso lamanzere ndi dzanja."

"Sindinabwere kuchipatala ine."

Anakumbukira ulusi umene masiku ano unkaphonya singano, iye n'kumatukwana babu la kushopu. Anakumbukira bambo awo akupukuta magalasi tsiku lonse, kudandaula kuti pali mafuta, pamene magalasiwo anali oyera. Khungu lawo linayamba choncho. Tsopano amakhala pampando pakhomo, kuzindikira ana awo ndi mgugu wa mapazi.

"Mlongo," anatero mchimwene wake, nthabwala zitamuthera. "Tseka."

Kadzidzi anaphimba diso lamanzere. Chithunzi chinayera mbee, popanda kanthu. Anasamutsa dzanja, n'kuphimba lamanja, n'kutembenukira kwa mchimwene wake. Tsaya lake limodzi panalibe. Panali utsi wotuwa basi.

Kafani kankalirabe. Panja wina ankakokera mpando pasimenti.

"Mwaona chiyani?" anafunsa wokonzayo.

Kadzidzi anatsitsa dzanja. Mtima unafuna wina woti umukalipire, koma m'chipindamo munalibe wolakwa.

"Si onse amathera ngati bambo," anatero mchimwene wake, akutola makiyi a galimoto. "Iwo anachedwa. Ife tikupita pompano kwa dokotala wa maso."

"Dikirani." Kadzidzi anatembenukira kwa wokonzayo. "Ndinakunyozani pachabe, bambo, pepani. Mwati yokolola kuwala kwambiri ndi iti?"

"Yaikuluyi. Chimene inayo ingajambule mpaka mbandakucha, iyi imamaliza msanga."

"Imeneyo. Nthawi yodikira ndilibe."

"Ndiizimitse bwinobwino kaye, ifunde. Kuithamangitsa n'kuiwononga. Mudzaipeza pobwera."

Masitepe otsikira kumsewu anali amdima. Kadzidzi, amene ankakwera padenga opanda tochi, anaima pamwamba pake, phazi lili m'mwamba. Kenako anatambasula dzanja, n'kugwira malaya a mchimwene wake kumsana.