Mano a Difu ya Falcon

Ndinali nditawerenga mano a magiyawo kachitatu pamene amalume a Trevor anandiuza kuti ndichotse zala zanga m'difumo, timangirire, dzuwa likupita.

Sindinasunthe. Dzino limene ndinayambira ndinali nditalilemba ndi choko, ndipo ulendo uliwonse ndinkapeza chimodzimodzi: mano 37 pa giya yaikulu, 9 pa yaing'ono. Kachitsulo kamene kanamangidwa pa bawuti kankati 3.00. Koma 37 kugawa ndi 9 ndi 4.11.

Kunali kutatsala masiku atatu kuti mkulu wanga Shanae akwatiwe ku Broken Hill, makilomita 450 kuchokera kwathu ku Cobar. Adadi ankafuna kumuperekeza pa galimoto yawo ya Falcon ya 1971. Vuto linali difu, bokosi la magiya limene limazungulitsa matayala akumbuyo. Imene inalimo anaiika ali mnyamata, ya 4.11, yochitira mpikisano wa mtunda waufupi. Ponyamuka galimoto inkadumpha ngati yalumidwa ndi mavu, koma pa msewu wautali injini inkakuwa mpaka m'makutu kuchita dzanzi, ndipo inkatentha tisanafike ndi ku Wilcannia komwe. Shanae ananena mosabisa kuti ngati phokosolo silitha, akwera galimoto ya apongozi ake. Adadi anangoti chabwino, koma chakudya chawo tsiku limenelo chinadyedwa ndi galu.

Chidwalireni sitiroko, dzanja lawo lamanja silinkagwiranso sipanala, choncho ntchito ya pansi pa galimoto inali yanga. Kulankhula ndiko sikunali kwanga. Kumeneko kunali kwa amalume, amene anagula difu ina, yoti ndi ya 3.00 yoyenera msewu wautali, ku msika wa zitsulo zakale ku Dubbo, n'kubwera nayo akuimba hutala kuyambira pa geti.

"Tegan, wagona uli chiimire?"

"Si imeneyi, amalume." Mawu anga anatuluka ang'onoang'ono.

"Kachitsuloko kakuti chiyani? Kusukulu kuja unkangodyako masangweji eti?"

Ndikuyang'ana nsapato zanga, ndinawauza kuti kachitsulo munthu akhoza kukachotsa pa difu ina n'kukamanga pa ina, koma mano sasamuka. Amalume anaseka n'kunena kuti anayamba kumasula madifu ine ndisanamere ngakhale dzino limodzi.

Adadi anadzuka pa mpando wawo pang'onopang'ono. Anayendetsa chala cha kumanzere pa giya yonse, milomo ikugwedera. Atamaliza anapukuta chalacho pa buluku.

"Alamu," anatero, "mwayenda ulendo wonse wa ku Dubbo kukagula mapasa ake a imene tachotsayi."

Amalume anatukwana mkulu amene anawagulitsa, anatukwana magalasi awo, kenako anati nthawi yatha, tibwezeremo yakale ija, mkwatibwi adzaike thonje m'makutu. Adadi ankangoyang'ana galimoto ili pa majeke.

Pamenepo ndinanena chinthu chimene ndinkachidziwa kuyambira ndili ndi zaka khumi. Kuseri kwa khola la nkhuku kunali mgolo wa oyilo wakale, ndipo m'kati mwake, pansi pa oyiloyo, munali chinthu cholemera chimene ndinkakonda kuchigogoda ndi mtengo. Adadi anati iwo ankayesa kuti difu imeneyo anaitaya kalekale. Tinaikoka ndi tcheni, ikuyenderera oyilo wakuda bii. Inali difu imene galimoto inabwera nayo, yopanda dzimbiri ngakhale pang'ono. Amalume anandikankha ndi chigongono n'kuwerenga okha, kawiri. Mano 39 ndi 13, kugawa kwake 3.00 ndendende.

M'mawa mwake ndinaitsuka ndi parafini, n'kuika mabering'i atsopano. Kenako inafika ntchito yeniyeni. Mano umawapaka utoto wachikasu, n'kuzungulitsa giya, ndipo utotowo umakuonetsa pamene akukhudzana. Akakhudzana kunsonga kapena kutsinde, difu imalira ngati mwana wa galu mpaka kudyeka. Ndinamasula, n'kusintha timbale topyapyala ta kuseri kwa giya yaing'ono, n'kumanganso. Katatu konse chizindikiro chinakhala kunsonga. Kachinayi chinayandikira pakati, ndipo amalume anati basi zakwana, galimoto si wotchi.

"Ayi, amalume," ndinatero. Ulendo uno ndinawayang'ana kumaso.

Kachisanu chinakhala pakati penipeni, chobulungira ngati chidindo cha chala chachikulu, dzino lililonse chimodzimodzi. Amalume anawerama n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Anatulutsa foni, najambula, ndipo ndinawamva akuuza mnzawo wina panja kuti ayang'ane bwino chithunzicho, ntchito ya mwana wa mlongo wawo imeneyo, aphunzireko.

Loweruka tinanyamuka dzuwa litangotuluka. Adadi ankayendetsa ndi dzanja lamanzere, ine ndili pambali pawo, Shanae kumbuyo atafungatira thumba la diresi lake. Ananena kuti akamva phokoso ngakhale pang'ono atsika, akwere ndi amalume amene ankatitsatira ndi amayi.

Titatuluka m'tauni adadi anaponda mafuta. Ndinagwira mawondo anga, makutu ali kumbuyo kwa galimoto. Liwiro linafika 100, kenako 110. Injini inkangong'ung'udza chapansipansi. Kumbuyo kunali zii. Muvi wa kutentha unaima pakati, ndipo tinadutsa Wilcannia uli pomwepo.

Mbuzi zam'tchire zinkatiyang'ana m'mbali mwa msewu, dothi lofiira lili ponseponse. Patapita nthawi adadi anandikodola.

"Tegan, taona kumbuyoko," anatero monong'ona.

Ndinatembenuka. Shanae anali atagona tulo tofa nato, tsaya lili pa zenera, kukamwa kuli yasa, tsitsi limene anakonzetsa maola awiri litaphwanyika mbali imodzi.