Ulendo wa Njinga Yosayenda

"Gwira kumbuyoko, Chitsiriza, tiitulutse," anatero achimwene ake atagwira kale mahandulo.

Chitsiriza sanasunthe. Anaima pakhomo la chipinda cha malemu bambo ake, m'manja muli beseni la makapu amene anthu obwera kudzapepesa anamwera. Njinga imene achimwene ankafuna kutulutsayo inali yolimbitsira thupi, ya gudumu limodzi, yoti ungapalase mpaka thukuta kamukamu koma osafika ndi pawindo pomwe. Kutsogolo kwake kunali tabuleti yoonerapo mavidiyo, yomangidwa ndi lamba wakale. Pahandulo ya kumanzere panali belu ladzimbiri limene bambo anamasula panjinga yawo yoperekera makalata tsiku limene anapuma ntchito.

"Achimwene, papita masiku anayi okha."

"Ndiye tidikire chaka? Chikachoka chimenechi muno mukhala malo. Ukhala ndi chipinda chakochako, usiye kugona pabalaza ngati mlendo. Tikuganizira iweyo."

Achemwali ake, amene ankapinda malaya a bambo pabedi, anagwedeza mutu kuvomereza. "Tikupakira ndi penti yemwe. Mtundu usankhe wekha."

Kuganiziridwa kotereku Chitsiriza ankakudziwa bwino. Bambo atadwala sitiroko, achimwene anali ndi ntchito, achemwali anali ndi banja, iye anali ndi satifiketi ya maphunziro oyeza misewu imene inki yake inali isanaume. Anamuuza kuti ndi miyezi yochepa chabe. Miyezi ija inaswana mpaka zinakwana zaka zisanu ndi chimodzi. Nyumba yawo inali pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikizana, masitepe makumi asanu ndi limodzi kudza anayi kuchokera pansi. Bambo sakanatha kuwatsika, mayi mawondo anawakana kalekale. Choncho munthu amene anaphunzira kuyeza misewu ankayeza mtunda umodzimodzi tsiku ndi tsiku, kuchoka pakhomo kukafika kufamase ya pakona, kudutsa kumsika, n'kubwerera mothamanga poopa kuti wina wagwa m'bafa.

Tsopano pansi pa bokosi la mankhwala panali envelopu imene inakhala pamenepo mwezi wathunthu. Kampani ina yomanga misewu inkamuitana kuti akayambe ntchito Lolemba, kukampu yawo ya m'tauni ina. Kunali kumuitana kwachitatu, ndipo bambo amene anaimba foni ananena mosabisa kuti kachinayi kulibe. Tsikuli linali Lachisanu. Chitsiriza anali asanauze aliyense.

Anaika beseni pansi n'kuyang'ana njinga ija. Inabwera m'nyumbamo chifukwa a mafizo, akatswiri olimbitsa ziwalo a kuchipatala, analamula kuti bambo azipalasa mphindi makumi awiri tsiku lililonse. Sabata yoyamba inali nkhondo. "Zaka makumi atatu ndapalasa kupereka makalata," ankatero ndi lilime lawo lolemera lija. "Lero ndizipalasa kulunjika khoma? Khomali landilembera ndani?"

Ndi Chitsiriza amene anapeza mavidiyo aja, ojambulidwa ndi anthu amene amamangirira kamera panjinga n'kumayenda m'mapiri ndi m'nkhalango za mayiko akutali. Atangowaikira yoyamba, mkulu uja anasintha ngati wamwa mankhwala ena. Msewu ukakhota, naye ankapendekeka. Nkhosa zikatsekereza njira, ankaziimbira belu n'kuzikalipira. Tsiku lina akudutsa m'mapiri oyera ndi chisanu anakuwa kuti, "Chitsiriza, jekete! Kuno munthu angafe!" Mayi anaseka mpaka kutsamwa.

Iye ankaima kumbuyo kwawo ndi thaulo, maso ali pamisewu ija, akuona pamene anakhotetsa bwino ndi pamene analakwitsa ngalande. Kunena zoona, masiku ena ankawachitira nsanje bambo akewo. Iwo mphindi makumi awiri zikatha ankatsika atapita kwinakwake. Iye ankangopukuta chishalo.

"Lolemba ndikukayamba ntchito," anamva pakamwa pake pakunena.

Achemwali anasiya kupinda malaya. Achimwene anasiya mahandulo n'kuwongoka.

"Ntchito yanji?"

Anawafotokozera mwachidule, maso ali pansi ngati wakuba.

"Nanga amayi akhala ndi ndani?"

"Tilipo atatu, achimwene."

"Ine ndimachoka m'bandakucha, ukudziwa. Alamu akowo nawo ali pantchito."

"Kwanga ndiye usanene," anatero achemwali. "Ana atatu, zipinda ziwiri. Komanso mankhwala a amayi amene amawadziwa ndiwe, ife tingosokoneza. Iwe dzanja lako linazolowera."

"Linazolowera chifukwa palibe amene anandilandirapo."

"Usalankhule ngati tinakutaya. Sitinkabwera ife?"

Ankabweradi, Lamlungu masana, atanyamula zipatso, ndipo dzuwa likapendeka ankayamba kufunafuna makiyi a galimoto.

Achimwene anatsitsa mawu, ndipo mawu otsitsawo ndi amene ankapweteka kwambiri. "Maluwa pamanda sanafote n'komwe, iwe ukuganiza zosiya amayi okha pamwamba pano? Bambo akanamva zimenezi akanati chiyani?"

Pamenepo Chitsiriza anagonja. Kwa mwezi wathunthu funso lomweli ndi limene linkamuletsa kutulutsa envelopu ija, ndipo tsopano woti ayankhe anali atapita. Anaona zaka zina zisanu ndi chimodzi zikumudikira m'chipinda chopaka penti wosankha yekha. Anawerama n'kugwira njinga kumbuyo.

"Tanyamulani," anatero.

"Muisiye pomwepo."

Anali mayi. Anali atadzuka pampando wawo wa pabalaza n'kubwera akugwira khoma, zimene sanachite chiikireni maliro. Anakhala pamphepete pa bedi akupuma mwabefu.

"Musanaitulutse, tayatsani kachinthuko."

Chitsiriza anayatsa tabuleti. Ankayembekeza mapiri kapena nkhalango, koma kachithunzi ka vidiyo yomaliza kanali ka chitseko chobiriwira chosweka galasi limodzi. Chinali chitseko cha pansi pa nyumba yawo yomweyo. Vidiyoyo inali ya maola atatu, ndipo kamzere kosonyeza pamene munthu walekezera kanali katatsala pang'ono kufika kumapeto.

"Imeneyi sindinaike ine."

"Ukanaika bwanji?" anatero mayi. "Bambo ako anatuma bambo a m'munsimu, operekera anthu katundu panjinga aja. Anawapempha kuti tsiku lopuma amangirire foni kutsogolo, apalase kuchoka pakhomo pano mpaka pageti la kampu yakoyo."

"Kampu yanga? Anadziwa bwanji?"

Mayi anamuyang'ana ngati wafunsa zopusa. "Munthu wanyamula makalata zaka makumi atatu, iwe n'kumubisira envelopu pansi pa mankhwala ake omwe? Anaiona tsiku lomwe inafika. Anati envelopu yokana munthu imakhala yopyapyala, iyi ndi yoitana."

Achemwali anakhala pansi, malaya a bambo ali pamiyendo.

"Ankapalasa iwe ukapita kumsika," anapitiriza mayi. "Tsiku lililonse mphindi zake makumi awiri, kuyambira pamene analekezera dzulo lake. Ankati, mwanayu akapita ine masitepe sindingatsike, ndiye njira ndiidziwiretu, ndizikamuona m'mawa uliwonse."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Unkawadziwa bambo ako. Ankafuna akafike kaye pagetipo, aone ngati ndi malo oti mwana wawo n'kukhalako, ndiye akuuze kuti nyamuka. Linatsala tsiku limodzi."

Achimwene anatsegula pakamwa, koma mayi anawatsogolera.

"Iwe, wafunsa kuti bambo ako akanati chiyani. Wamva. Ine ndinabereka atatu, ndipo mankhwala anga ndi mitundu itatu basi. Munthu woyendetsa ofesi yonse sangalephere kuwerenga mapilitsi. Mukambirane awirinu, ine kulikonse ndigona."

Achimwene anayang'ana achemwali, achemwali anayang'ana malaya. Panalibe amene anavomera, komanso panalibe amene anakana.

Chitsiriza anavula masilipasi n'kukwera. Chishalo chinali chachitali, cha msinkhu wa bambo, koma sanachitsitse. Anadina vidiyo n'kuponda pedulo, ndipo pedulo inakana. Anaponda ndi mphamvu zake zonse, gudumu n'kuyamba kuzungulira mokakamizika.

"Yalimba bwanji chonchi?" anafunsa achimwene. "Munthu wodwala ankapalasa zimenezi?"

Chitsiriza anayang'ana pagalasi n'kumvetsa. Msewu unali pachitunda. Bambo vidiyo ikafika pokwera ankamanga kachitsulo kolimbitsira gudumu, ikafika potsetsereka n'kumasula. A mafizo anawauza kangapo kuti palibe chifukwa, iwo n'kuyankha kuti chitunda sachibera. Analekezera pakati pa chitunda, ndipo anasiya chomanga kuti mawa adzayambire pomwepo.

Sanamasule. Anapalasa, mpweya ukutuluka mokoka, thukuta ndi misozi zikutsikira limodzi pachibwano. Pagalasi pankadutsa mitengo, kenako milu ya miyala, kenako timitengo topaka zofiira tokhomedwa m'mbali mwa msewu, timene oyeza amasiya. Ankatiwerenga osafuna. Chitunda chitatha anamasula pang'ono, monga mwini wake akanachitira. Achemwali anatenga thaulo pamsomali n'kuima kumbuyo kwake, pamalo pamene iye anaima zaka zonse zija.

Mphindi makumi awiri zitatsala pang'ono kutha, msewu unakhotera kumanja. Kunaoneka mpanda wa waya, nyumba zazitali zamalata, mtengo umodzi waukulu wamthunzi, ndi geti lotsegula mbali imodzi. Chithunzi chinagwedera, kenako chinaima.

Chitsiriza anasiya kupalasa. Gudumu linazungulirabe lokha kwa kanthawi.

Mayi anadzuka pabedi, achimwene n'kuwagwira pamkono. Anasendera pafupi, n'kuyang'anitsitsa geti lija, mpanda, ndi mtengo uja, ngati munthu woyendera nyumba ya lendi.

"Mthunzi ulipo," anatero.

Kenako anatambasula dzanja n'kuliza belu ladzimbiri lija kawiri, monga mwamuna wawo ankachitira pageti lililonse kwa zaka makumi atatu, kudziwitsa eni nyumba kuti chimene anatumidwa chafika.