Waya wa Mkuwa mu Gabinete

Efigénia anazimitsa mota, njinga yake yamoto, pabwalo la sikola, maso ali pa chitsulo cha antena.

Chitsulocho anachiimika yekha ndi anzake m'chilimwe. Chinali chachitali kuposa mitengo yonse ya paphiripo, chomangiriridwa kukhoma la sala ya makompyuta, chipinda chophunziriramo. Ntchito yake inali imeneyo, yolumikiza makompyuta a masikola a kumidzi ndi ofesi ya maphunziro ku Ulongwe. Lero anangobwera kudzaona ngati zonse zikuyenda mvula isanakhazikike. Koma waya wa mkuwa wochokera kunsonga mpaka m'nthaka, uja wolandira mphenzi n'kuipititsa pansi, panalibe. Panangotsala timisomali pakhoma.

Chakumpoto kunali kutada bii, ndipo mphepo inali itayamba kununkha dothi lonyowa.

A Jeremias, adiretori, mkulu wa sikolayo, anatuluka akupukuta choko m'manja. Anali bambo wachikulire wophunzira kumishoni, wosamala zinthu za boma kuposa za m'nyumba mwake.

"Dona Efigénia, mwatipeza. Mwabwera nayo mvula ya kwanu?"

"Adiretori, waya uja waba ndani?"

Mkuluyo anaseka monyadira. "Kuba? Pano? Bwerani muone."

Mu gabinete, ofesi yawo, anatsegula kabati. Wayayo anali m'menemo, wopombedwa bwinobwino ngati nkhata, atagona pambali pa mbendera ndi mpira wa sikola.

"Pajatu munanena nokha kuti mkuwa akuba amaukonda, tiusamale," anatero a Jeremias. "Ndiye ine ndinati, katundu wa boma sagona panja. Ndingadzamve kuti wawoloka malire pa Kalomwe ali pa njinga? Mukabwera akuluakulu timaubwezeretsa, kungoti lero simunatiuze."

Zoona, mawuwo anali a Efigénia. Anawanena akukwera mota, mothamanga, osafotokoza n'komwe kuti wayayo ntchito yake n'chiyani. Ankayesa kuti aliyense akudziwa.

Bingu linagunda chapatali, mawindo n'kunjenjemera. Apo m'pamene Efigénia anamva kuimba. Tiana tinkabwereza nyimbo ya manambala, ndipo mawuwo ankachokera kuseri kwa khoma lomwe lija la chitsulo.

"Muli ana mu sala ya makompyuta?"

"Aang'ono onse," anayankha a Jeremias. "Ndi sala yokhayo yosadontha. Kukangoda kumwamba timawalowetsa m'menemo."

Kubwezeretsa waya kunafunika makwerero ndi munthu wokwera pamwamba pa chitsulo, ndipo ndani angakwere kumwamba kukung'anima? Efigénia anayang'ana mkuluyo, msinkhu wa bambo ake, ndipo ulemu unafuna kumuletsa kulamula. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna.

"Adiretori, chonde, anawo atuluke pompano. Apite ku sala yakale ya kumunsi ija."

"Yodontha ngati dengu ija? Mayi, anthu a ku Ulongwe mumaopa mvula ngati ndinu mchere, koma ana awa akanyowa, mawa makolo andidya wamoyo."

"Si mvula ayi. Chitsulo chija tsopano chikuitana mphenzi, ndipo ilibe njira ina yotsikira koma khoma limene atsamira anawo. Ndikuopa, bambo. Ndikuopa kwambiri."

A Jeremias anamuyang'ana kumaso. Kumwetulira kuja kunazima. Anatenga kachitsulo n'kuyamba kumenya belu la chigwinjiri cha galimoto lopachika pamtengo.

Madontho oyamba anagwa akuluakulu ngati nyemba. Efigénia anathamangira ku sala ija. Anapeza tiana titathithikana pansi, tina titatsamira khoma, kamtsikana kena kakuseweretsa waya wolowa pawindo. Mphunzitsi wawo, a Inácia, anadabwa.

"Tituluke? Mvula imeneyi?"

"Alamula adiretori. Musatenge kanthu, mabuku asiyeni."

Ana ndi ana basi. Wina anafuna nsapato yake, wina analira kuti wasiya chimanga chake chootcha. Efigénia ankawakankha pamsana mmodzimmodzi. Kumwamba kukang'anima ankatseka maso, n'kudikira. Kamnyamata kotsiriza anachita kukanyamula m'khwapa ngati mtolo wa nkhuni, n'kutsetsereka nako m'matope mpaka kumunsi.

M'sala yakaleyo madzi ankalowa paliponse. Ana ananyowa, ena akuseka, ena akunjenjemera. Nthawi inapita, mvula ikungokhuthuka, popanda china chochitika. A Inácia anayamba kung'ung'udza.

"Ndiye tawanyowetsa chabe anawa?"

Efigénia nayenso anayamba kudzifunsa ngati sanachite misala pamaso pa anthu.

Kenako kunayera mbee, ndipo phokoso lake linabwera nthawi yomweyo, ngati phiri lang'ambika. Ana anagwa chafufumimba. Makutu onse anali ngwii.

Mvula itachepa, akulu atatuwo anakwera kukaona. Khoma la sala linali litang'aluka kuchokera kudenga mpaka pansi. Makompyuta ankanunkha pulasitiki wopserera. Pamalo pamene panakhala kamtsikana kaja panali njerwa zakugwa, ndi kansapato kamodzi kobiriwira.

A Inácia anadzilemba chizindikiro cha mtanda n'kutuluka. A Jeremias anatola kansapatoko, n'kukhala pansi pakhonde ngati munthu wodwala.

"Zipangizo tidzapempha zina," anatero Efigénia. "Ana onse ali moyo. Kulakwa n'kwanganso, sindinakufotokozereni."

Mkuluyo anapukusa mutu, osamuyang'ana.

"Mwana wanga, si pano pokha."

"Mukuti bwanji?"

"Pa msonkhano wa madiretori ku Ulongwe ndinawauza anzanga nzeru imeneyi. Anaombera m'manja. A ku Lifidzi anati akachotsa tsiku lomwelo."

Efigénia anatulutsa foni. Inalibe netiweki ngakhale kadontho. Anakweza maso. Mtambo wakuda uja unali utawoloka dambo, ukuyenda pang'onopang'ono kulowera ku Lifidzi, ukung'anima m'mimba mwake. Ankaidziwa bwino sikola ya kumeneko. Nayonso sala yosadontha inali imodzi.

"Msewu waterera, dikirani kaye," anatero a Jeremias.

Efigénia anali atakwera kale. Mota inakana kawiri, kachitatu n'kulira. A Jeremias anaika kansapato m'thumba la jekete, anakwinya thalauza, n'kukwera kumbuyo.

"Tiyeni," anatero. "Inu akakuvutani. Ine ndi amene ndinawauza, akandimvera msanga."