Wovomereza Ndiye Amakwera

Pa fakitale yathu ya ndege ku Ukraine panali mwambo wosalembedwa paliponse: injiniya amene wanena kuti chitsulo chake chakonzeka, ndiye ankakwera nawo pokachiyesa m'mwamba. Ankati munthu akatero sanganame. Ine mwambo umenewu ndimadana nawo mpaka lero.

Chaka china, tili pansi pa ulamuliro wa ku Moscow, nkhondo itatha koma tonse tikuyembekeza ina, tinkapanga chindege chonyamula asilikali ndi magalimoto awo, chamimba ngati ng'ombe yabere. Injini zake zinali zamtundu watsopano, zomwa palafini, zolira moboola m'makutu. Vuto linali limodzi. Injini ikazima m'mwamba, mapiko ozungulira a kutsogolo kwa injiniyo ankayenera kutembenuka okha kuti mphepo izingodutsa. Akapanda kutero ankagwira mphepo ngati chitseko, n'kukokera ndege yonse pansi. Ntchito ya mapikoyo inali ya mwamuna wanga Myron, ndipo womuthandiza anali mchimwene wanga Levko.

A Prokopenko, mkulu wa fakitale, ankafuna ndegeyo iyesedwe chikondwerero cha boma cha mu Novembala, mwezi wozizira kwathu, chisanafike, kuti akuluakulu a ku Moscow awawombere m'manja. Myron anakana pamaso pa anthu. Anati kukazizira kwambiri mafuta amalimba, mapiko amachedwa kutembenuka.

Tikudya msuzi wa kabichi kwa amayi anga, Levko anayamba kumuseka Myron.

"Alamu, mwakalamba inu. Pansi pano tayesa kangati? Akutembenuka ngati mtsikana pagule!"

"Pansi pano pali mbaula, Levko," anatero Myron. "Kumwamba kulibe."

"Ndiye tidikire chilimwe? Mantha basi. A Prokopenko akuti wovomereza amupatsa nyumba yakeyake. Amayi atopa kulimbirana khitchini ndi mabanja anayi."

"Usachite zimenezo, mphwanga," anatero Myron. "Ndakupempha."

"Achemwali, tawavekani mpango amuna anuwa, akuzizidwa!"

Amayi anaseka, nanenso ndinaseka. Mumtima ndinkangokondwa kuti wanga sakwera. Zoti mpando wakewo supita wopanda munthu sizinandifike m'mutu.

Levko anapitadi kwa a Prokopenko n'kunena kuti mapiko akonzeka. Tsiku loyesa, tisanatuluke m'nyumba, tinayamba takhala pansi chete monga timachitira wina akamanyamuka ulendo. Iye sanakhazikike, ankangogwedeza bondo.

Tinaima pachipale chofewa kunja kwa shedi ya ndege, makosi ali m'mwamba. Chindege chija, Levko ali momwemo, chinakwera bwinobwino mpaka chinachepa ngati khwangwala. Kenako woyendetsa anazimitsa injini yakumanzere, monga anapanganirana. Myron anandifinya mkono mpaka kuwawa.

"Tembenukani," ankanong'ona, "tembenukani, chonde!"

Mapiko aja sanatembenuke. Ndege inapendekera kumanzere n'kutsika mozungulira kuseri kwa nkhalango, ndipo utsi tinauona tisanamve phokoso.

Pamaliro a Levko, a Prokopenko analankhula mpaka mapazi athu kuchita dzanzi, za ngwazi za dziko ndi zina zotero. Ndinalakalaka kuwalavulira. Anthu akubalalika, Myron anayandikira amayi, chipewa chili m'manja, nkhope yonse ili misozi.

"Mayi, ndinawauza ine. Onse anandimva. Ndinanena kuti mapikowo sanakonzeke."

Amayi anamuyang'ana ndi maso ouma gwa.

"Eya, inu munkadziwa, apongozi. Mwana wanga sankadziwa. Nanga mpando uja unali wa ndani?"