Nyanja ya Bambo Afonso

Tandiyankhani inu mwagwira pepalali: n'chiyani chimene umadzuka m'mamawa kukachitenga ndi ndowa, koma tsiku lina chimabwera chokha kudzakutenga iweyo, mbuzi zako ndi nyumba yomwe? Ngati mukukanda m'mutu ndiye kuti si inu a ku Muloza. Kumeneko ngakhale mwana wa sitandade wani akuuzani kuti ndi madzi.

Mayi Katarina madzi amawadziwa. Chaka cha namondwe Freddy, mtsinje unalowa m'mudzi mwawo utasenza miyala yaikulu ngati nkhokwe, n'kutuluka ndi mng'ono wawo Rosie. Anamufuna masabata atatu. Pamapeto pake m'manda anaikamo thunthu la nthochi. Banja linasamukira kumtunda, kufupi ndi Boma, koma mpaka lero mvula ikangoti tho, tho pamalata, mayiwo amavala nsapato n'kukhala moyang'ana khomo.

Ndiye taganizani, Lamlungu lina atabwerako kutchalitchi, ana awo awiri n'kuwabweretsera nkhani ya kunyanja. Cecilia, mwana woyamba, ndi namwino ku Blantyre. Samueli, wotsiriza, ndevu zangoyamba dzana, koma mwezi wamawa akwera basi ya ku Joni kukasaka ntchito. Anagwirizana kuti asanabalalikane, banja lonse likagone kunyanja Loweruka ndi Lamlungu. Chotsala chinali kusankha malo, ndipo pakhonde panali patatentha kale.

"Ku Cape Maclear, achemwali. Kuli maboti, kuli nyimbo, anthu amavina opanda nsapato," anatero Samueli, foni ili m'mwamba.

"Iwe, ukufuna amayi akavine ndi marasta? Taona kuno. Pafupi ndi Mangochi, malo abata. Ukatsegula chitseko, madzi ndi awa."

Cecilia anawaika foni m'manja amayi ake. Mayi Katarina anasiya lichero la nandolo n'kuyang'ana chithunzicho. Kanyumba koyera, mchenga, kenako madzi mpaka pothera maso. Anawerenga chamumtima: kuchokera pakhomo kukafika pamadzi, mapazi khumi. Mwina khumi ndi awiri, kwa munthu wamiyendo yaifupi ngati Rosie.

"Ndi pabwino," anatero, n'kubweza foni msanga ngati yatentha.

Samueli anawaona. "Mami, inu mukapanda kupita, ine ndiye sindipitanso. Ndingodikira basi yanga basi."

Apa ndiye panali mfundo. Anyamata opita ku Joni mayi Katarina anawaona ambiri. Amati chaka chimodzi, chimasanduka zisanu. Ena umangowamva pafoni mpaka mawu kusintha. Masiku awiri aja ankawafuna ndi mtima wonse, kuti amuone mwana wawo akudya, akuseka, akukangana ndi mlongo wake.

Anafunsa motsitsa mawu: "Kodi madzi akewo amakhala malo amodzi?"

Ana asanayankhe, kumbali kunamveka kutsokomola kwaulemu. Anali bambo Afonso, amuna awo, kapitawo wopuma wa ku esiteti ya tiyi, atakhala pampando wandalema jekete ya kutchalitchi akadali nayo. Bambowa anawoloka kuchokera ku Milange, ku Mozambique, nthawi ya nkhondo atanyamula kabudula mmodzi ndi pakamwa. Kabudula anatha kalekale.

"Mufunse ife, mayi a Cecilia. Ana awa nyanja aionera pafoni. Ine ku Mangochi ndinapitako katatu ndi azungu a ku esiteti, awa asanabadwe. Ndinasambira mpaka asodzi kuimika bwato kumandionerera."

"Eti adadi?" anatero Samueli.

"Khala chete uphunzire. Nyanja ili ndi nthawi yake ngati belu la kufakitale. M'mawa madzi amathawa, amapita kutali, umayenda pouma kutola nkhanu. Madzulo, eee! Amabwerera onse pakamodzi, kukwera, kukwera, mpaka kunyambita zitseko. Ukagona tulo ta mowa umadzuka bedi likuyandama. Komanso osayerekeza kumwa. Mchere wokhawokha!"

Anayang'ana uku ndi uku kudikira kuti wina anene kuti koma ndiye mwayenda. Mayi Katarina anali ataimirira, lichero lili m'manja, nandolo akugwa mmodzimmodzi osawaona.

"Pitani nokha, ana anga. Mukandijambulire."

Analowa m'nyumba. Anakhala pamphepete pa bedi, akumva Samueli panja akulankhula ndi bambo ake mawu amene sanawaphunzire ku Sande sukulu. Anadzida. Mayi wanji wokanika kupatsa mwana wake masiku awiri? Koma akatseka maso ankaona chitseko, madzi akulowa pansi pake mwakachetechete ngati njoka, monga analowera tsiku lija.

Cecilia analowa osagogoda, foni ikuitana kale.

"Amayi, ine musandikhulupirire, ndinapitako kamodzi kokha. Adadi ndiye kaya. Funsani mwiniwake wa malowo. Tiyeni panja aliyense amve."

Anawakoka dzanja mpaka pakhonde, n'kukweza mawu a foni. Anayankha mayi wina wamawu okhuthala, Chichewa chake chonunkhira Chiyao. Atapatsana moni, mayi Katarina anaweramira pafoni.

"Pepani amayi, ndine wa ku Mulanje. Madzi anatilanda munthu. Mundiuze zoona, musandinyengerere chifukwa cha malonda. Madzi anuwo amakwera nthawi yanji?"

Mayi uja anatsitsa mawu. "Pepani kwambiri, mayi anga. Zoona zake n'zakuti amakwera, sindingakunamizeni. Chaka chatha anatidyera mchenga wonse ndi kanyumba kamodzi. Koma amakwera ngati nkhono, miyezi ndi miyezi, ukuwaona. Tinachotsa mabedi, makatani, ngakhale maluwa tinazula n'kukabzala kwina. Sadzidzimutsa munthu ngati mitsinje ya kwanu. Ndipo ndili ndi zipinda ziwiri pamwamba pa thanthwe, masitepe makumi anayi. Alendo amazikana, ati n'kutali ndi madzi."

Masitepe makumi anayi. Mayi Katarina anayang'ana Samueli. Mnyamatayo anali atagwira mzati wa khonde ndi manja onse awiri, ngati mmene ankagwirira chitenje chawo ali wamng'ono. Mantha sanachoke, ayi. Anangosuntha pang'ono, n'kusiya malo oti munthu apumirepo.

"Zimene amazikanazo mutisungire ife," anatero.

Samueli analumpha, za maboti ndi marasta ataziiwala. Kenako anaweramira pafoni, diso limodzi lili kwa bambo ake.

"Amayi, funso lomaliza. M'mawa madzi akathawa, nkhanu timatolera mbali iti?"

"Akathawa? Athawire kuti?"

"Nanga mcherewo, tibwere ndi madzi athu akumwa?"

Mayi uja anaseka mpaka foni kunjenjemera. "Mchere! Mwana wanga, wakuuza zimenezo ndani? Imeneyo ndi nyanja ya ku Mozambique, ya ku Kelimane uko. Yathuyi timamwa, timaphikira tiyi. Amene wakuuzayo ku Mangochi sanapondeko, angomva kwa madalaivala a pa boda!"

Maso onse anatembenukira kumpando wandalema. Bambo Afonso anali atatanganidwa kwambiri ndi batani la jekete.

"Bambo a Cecilia," anatero mayi Katarina pang'onopang'ono, "katatu?"

"Nyanja ndi nyanja, mayi."

"Ndi asodzi kuimika bwato?"

Bambowo anadzuka, n'kukonza kolala ngati akupita kukalankhula pamsonkhano.

"M'masiku athu mchere unalimo. Ngati anthu a ku Mangochi anautha ndi kuphikira, limenelo si vuto langa."

Cecilia anakhala pansi mwadzidzidzi, akufa ndi phwete. Samueli anakumbatira mzati akulira ndi phwete. Pafoni mayi wa ku Mangochi ankaitana anzake kuti adzamve. Ndipo mayi Katarina, amene anansi anali ataiwala kaonekedwe ka mano awo, anaseka mpaka kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje, nkhuku zikutola nandolo pamapazi pawo.