Shahin Akonza Denga la Eni

Chipale chofewa chinagwa masiku atatu osapumira, ndipo m'mawa wa tsiku lachinayi denga la Shahin linayamba kudontha. Silinasankhe pena ayi, koma pamwamba penipeni pa matumba a tirigu, chakudya chonse chofikitsa banja ku nyengo yofunda. Mkazi wake Zahiya anatchera mapoto onse, mpaka kapoto ka khofi, kenako anangoima n'kumamuyang'ana. Kuyang'ana kwa Zahiya kunkawawa kuposa kulalata.

Aliyense m'mudzi wa m'mapiri a Lebanoni uja ankadziwa chochita. Denga ladothi limafuna kulikokola chipale, kenako kugudubuzapo chimwala chobulungira kuti ming'alu itsekeke. Ukachita ulesi limamwa madzi n'kukugwera pamutu. Vuto linali lakuti nyumba ya Shahin inagundana khoma ndi ya Milhem, madenga awo anali ngati bwalo limodzi, ndipo chimwalacho chinali cha onse awiri, chosiya makolo awo. Zaka zonse ankachikoka limodzi. Koma chilimwe chapitacho mbuzi ya Milhem inadya mpesa wa Shahin mpaka kutsinde, panatuluka mawu osabwezeka, moni n'kuthera pomwepo. Amuna aimvi, kudana chifukwa cha mbuzi yoti inadyedwa kale pa Khirisimasi!

"Kagogodeni kwa anzanu, bambo a Nakhle," anatero Zahiya. "Tiriguyu akaola, kunyada kwanuko tidzaphika?"

Shahin anayankha kuti bola kufa kusiyana n'kupempha mwini mbuzi. Anamanga mpango m'khosi, natenga fosholo yake yathabwa, nakwera makwerero akung'ung'udza.

Pamwamba panalibe kumwamba kapena pansi, konse kunali mbee. Mphepo inkalira ngati yalumidwa, ndevu zinauma gwaa ndi madzi oundana. Asanaponye n'fosholo imodzi yomwe, mphepo inamulanda chipewa. Anachithamangitsa chokwawa, kugwa, kudzuka, kuzungulira kawiri, mpaka anachigwira chitakodwa pa chumuni. Anakumbatira chumunicho ngati m'bale wake, nati apa ndiye pakati pa denga langa, ndiyambire pompano. Anaiwala kuti nyumba ziwirizo anamanga ndi mmisiri mmodzi.

Ntchito anaigwira, tisamunamizire. Anakokola chipale chofika m'chiuno n'kumachiponya kunsi, anafukula chimwala, nachikoka yekha uku ndi uku, msana ukulira. Mkwiyo ndiwo unkamupatsa mphamvu. Akakoka kamodzi ankatchula mbuzi, akakokanso n'kutchula mwini wake.

Chakumasana mphepo inatopa, dzuwa n'kusuzumira. Shahin anawongoka kuti aone ntchito ya manja ake. Denga linali see, losalala bwino. Koma chakumadzulo kunali chumuni china, chitamira mpaka m'khosi, chikufuka utsi wonunkhira anyezi wa Zahiya. Denga limene anakokola linali la Milhem. Anakhala pa chimwala chija, ndipo kunena zoona, anafuna kulira.

Pomwepo mutu wa Milhem unatulukira pa makwerero a mbali inayo. Anayenda pang'onopang'ono, akuponda dothi ngati wogula munda, kenako anatambasula manja.

"Bambo a Nakhle! Ine ndi msana wangawu ndimati chaka chino denga litikwirira, inu n'kuyamba langa, lanu likudontha? Mwandichititsa manyazi, achimwene. Mbuzi ija inalakwa, ndipo ine ndinalakwa kuposa mbuziyo."

Shahin anatsegula pakamwa kuti anene zoona, koma anakumbukira tirigu, ndiponso manja ake anali atatheratu. Anatsokomola, nayankha modzichepetsa kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire. Chodabwitsa n'chakuti atangonena bodzalo, m'maso munatentha, pakuti munthuyu anali atamusowadi.

Awiriwo anagwira denga linalo, wina kukokola, wina kuponya, kenako chimwala anakoka limodzi akuimba nyimbo yamakedzana yomwe onse anaiwala mawu ake. Dzuwa lisanalowe, Zahiya anakuwa kunsi kuti kwasiya kudontha, thumba lonyowa n'limodzi lokha, nalonso pakamwa pokha.

Onse, ndi Zahiya yemwe, anakasonkhana kwa Milhem, pafupi ndi mbaula. Mkazi wa Milhem anatapa chipale choyera chapamwamba m'mbale, nathira uchi wa mphesa. Shahin analawa, nati kwawo uchi wotere kulibe chaka chino, aliyense akudziwa chifukwa chake. Anaseka mpaka kutsamwa. Zahiya yekha ankamuyang'ana mwamuna wake cham'mbali, poti iye ankamudziwa bwino munthu wake.

Potsanzikana, Milhem anaperekeza mnzake pakhomo, namugwira paphewa, natsitsa mawu.

"Achimwene, denga langa n'lopyapyala. Zonse mumatchula pokoka zija ndimamva, ya mbuzi ndi ya ine yemwe."

Shahin anafunsa kuti nanga bwanji sanakwere kudzamuuza kuti wasochera.

"Ndinavala nsapato kuti ndikwere," anatero Milhem. "Koma ndinati miyezi isanu simunaponde kwanga. Lero mwabwera nokha, ndikuthamangitseninso?"